Filimu ya kamtsikana konamiziridwa ufiti yagawanitsa anthu ku Chongwe

Kuchuluka kwa mafoni amakono ndi magetsi a sola m'boma la Chongwe, lomwe lili makilomita pafupifupi 45 kum'mawa kwa Lusaka m'mbali mwa msewu wa Great East, kwachititsa kuti mafilimu amene kale ankaonedwa m'tauni mokha afike m'timisika ndi m'midzi. Pakati pa mafilimu a nkhondo ndi a karate palowanso I Am Not a Witch, ya mu 2017, yomwe imadzudzula mwanthabwala, kutanthauza kuti imaseketsa dala pofuna kuvumbula nkhanza zimene anthu anazizolowera. Imakamba za Shula, kamtsikana konamiziridwa ufiti, kamene kamangiriridwa nsalu yaitali yoyera kumsana n'kuuzidwa kuti kakaidula kasanduka mbuzi.

Pa chionetsero china m'kanyumba ka malata kuseri kwa msika, gogo wina wamkazi anakhala pa thumba la chimanga pafupi ndi khomo, atabwera ndi mdzukulu wake amene anamuuza kuti muli Chinyanja. Pamene bambo wina wa m'filimumo ankachitira umboni kupolisi kuti mwanayo anamudula mkono, chikhalirecho mikono yake yonse ili yamphumphu, nyumba yonse inafa nacho chiseko, koma gogoyo anangomasula mfundo ya chitenje chake n'kuimanganso, kenaka n'kuimasulanso, maso ali pansi. Anatuluka filimu isanathe, ndipo mdzukulu atamulondola n'kufunsa kuti, "Agogo, mwadwala kodi?" iye anayankha kuti, "Iyayi mwanawe, aja akuseka aja ndawaonapo kale." Usiku umenewo nsima sanaikhudze, ndipo patapita masiku anafotokozera a pakhomo za mkulu wake, amene anathamangitsidwa m'mudzi ndi kutenthedwa nyumba mwana wa mnansi atamwalira ndi malungo, nkhani imene adzukulu anali asanaimvepo. Akatswiri a za maganizo amati chithunzi kapena mawu ofanana ndi zoopsa zimene munthu anadutsamo angathe kudzutsa manthawo ngati zikuchitikanso, moti thupi limanjenjemera ndipo tulo timasowa ngakhale papite zaka zambiri.

Chimene chavuta pakati pa oonera ndi funso lakuti filimuyi ikunena zoona za Zambia kapena ikuinyazitsa. Mkulu wina wa mpingo akuti msasa wa amayi omangiriridwa nsalu kulibe m'dziko muno, popeza misasa imene wopanga filimuyi anakaiona pokonzekera ili kumpoto kwa Ghana, ndipo akudandaula kuti azungu amene anaionera ku Cannes, m'dziko la France, anatsala ndi chithunzi chakuti umu ndi mmene Azambia amakhalira. Mphunzitsi wina wa sukulu ya sekondale akutsutsa zimenezi ponena kuti nsaluzo n'zopeka ndithu, koma kuloza chala okalamba ndi amasiye sikopeka, chifukwa lamulo loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti lilipo kuyambira 1914 pamene nkhalamba zikumenyedwabe ndi kulandidwa minda. Mfundo ya mkulu wa mpingoyo ili ndi mphamvu yake, chifukwa dziko limene mafilimu ake ofika kunja ndi ochepa limaweruzidwa ndi ochepawo, komabe imalephera kufotokoza chifukwa chimene gogo amene sanamvepo za Ghana anazindikirira mudzi wa kwawo pa kanemayo.

Mwini kanyumbako akuti filimuyi saionetsa kawirikawiri, popeza anyamata amene amalipira pakhomo amakonda mpira wa ku England ndipo Loweruka sangalole china, koma waona kuti amene amabwera kudzaipempha pa memori khadi ndi amayi ndi atsikana, omwe amafuna kukaionera kunyumba pafoni.