Ku Chipata Chichewa chimadutsa, kwacha ya pafoni imatsalira pa Mwami

Mukachoka pa boma la Mchinji n'kudutsa chipata cha Mwami, sipatenga nthawi kuti mufike mumzinda wa Chipata ku Zambia, umene atsamunda ankautcha Fort Jameson. Simufuna womasulira kumeneko. Mayi wogulitsa mtedza mumsika wa Kapata akulonjerani m'chinenero chanu, kungoti iye amachitcha Chinyanja. Paja Kalonga Gawa Undi, mfumu ya Achewa, amakhala ku Mkaika, m'boma la Katete, komwe Achewa a ku Malawi ndi ku Mozambique amapita ku mwambo wa Kulamba chaka chilichonse mu Ogasiti.

Chimene chimakukumbutsani kuti muli kwa eni ndi foni. Timanyumba ta ma ejenti tandandana m'mbali mwa msewu monga kwathu, tofiira ta Airtel Money, tachikasu ta MTN. Mtundu wofiirawo usakupusitseni. Kampani ndi yomweyo, koma akaunti ya pa nambala ya ku Malawi ili pansi pa malamulo a Reserve Bank of Malawi, ya ku Zambia ili pansi pa Bank of Zambia. Ndalama zonse ziwiri dzina lake ndi kwacha, koma mphamvu n'zosiyana. Zambia idachotsa maziro atatu pa kwacha yake mu 2013, ife yathu idatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. N'chifukwa chake mnyamata wa mpukutu wa ndalama m'manja, uja amakuthamangirani musanatsike n'komwe m'galimoto, akadali banki yeniyeni ya pamalire. Ine sindimukonda, koma ndimamumvetsa: safunsa chitupa ndipo netiweki yake sigwa.

Anzathuwa nawo ali ndi zodandaula zawo. Kuyambira 2024 boma lawo limadula msonkho munthu akatumizira mnzake ndalama pafoni. Chaka chomwecho chilala chidaphwetsa madzi m'damu la Kariba, magetsi n'kumathima maola ambirimbiri, ndipo foni yopanda moto siilipira kanthu. Kumudzi ejenti amangoti “floti yatha, bwerani mawa.” Akathyali aja otumiza uthenga woti “ndalakwitsa nambala, ndibwezereni” alikonso ngati kwathu.

Pa Mwami padatsegulidwa ofesi imodzi yochitira za malire a mayiko onse awiri mu Disembala 2022, ndipo katundu adapepukirako. Chatsala ndi ndalama. Mu 2025 bungwe la COMESA, lomwe likulu lake lili ku Lusaka, lidasankha Malawi ndi Zambia kuti ayesere njira yolipirana pafoni ndi ndalama za mayiko awo, osadzera ku dola. Ndikuganiza kuti njirayi idzayezedwa ndi mayi wa ku Mchinji wopita kukaoda zitenje ku Chipata. Akaona kuti foni ikumusinthira ndalama pamtengo wotsika kuposa wa mnyamata wa mpukutu uja, apitiriza kumanga ndalama zake pansonga ya chitenje.