Kugona m'mudzi kumaulula mavuto obisika pa ulendo wa tsiku limodzi

Kalembera wa m'chaka cha 2018 anaonetsa kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'dziko muno amakhala kumidzi. Koma ambiri mwa akuluakulu amene amakonza mapulani a chitukuko cha anthuwa amakhala m'mizinda ndi pa maboma, ndipo akapita kumudzi kawirikawiri amabwerako tsiku lomwelo.

Katswiri wa zachitukuko wa ku Britain, Robert Chambers, m'buku lake la 1983 lotchedwa Rural Development: Putting the Last First, anafotokoza chifukwa chimene maulendo otere amaphonyera umphawi weniweni. Mlendo woyenda pa galimoto amaima m'midzi ya m'mbali mwa msewu, amaonetsedwa zitukuko zimene zikuyenda bwino, amamva kuchokera kwa atsogoleri ndi abambo odziwika, ndipo amakonda kuyenda m'chilimwe misewu ili youma.

Kuno ku Malawi mfundo ya nyengoyi ndi yaikulu. Mavuto a kumudzi amafika pachimake mu Januwale ndi Febuluwale, pamene chimanga chatha m'nkhokwe, makolo akusiya minda yawo kukagwira ganyu, malungo achuluka, ndipo ana akujomba kusukulu kamba ka njala ndi kudzaza kwa mitsinje. Imeneyi ndiyonso nthawi imene galimoto zimalephera kufika m'midzi yambiri.

Njira yophunzira pokhala ndi anthu inakonzedwa pofuna kuthana ndi vutoli. Wogwira ntchito m'boma amagona masiku angapo pakhomo pa banja wamba, amadya zimene eni khomo akudya, amapita nawo kumunda ndi kumjigo, ndipo amayenda wapansi mtunda umene mayi wapakati amayenda popita kusikelo. Monga akulu ananenera, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kukhalako kumayendera limodzi ndi zokambirana. Amayi, abambo, achinyamata ndi okalamba amakumana paokhapaokha kuti aliyense amasuke. Anthu amajambula mapu a mudzi wawo pansi, amasonyeza miyezi ya njala, matenda ndi ntchito, kenaka amasanja mavuto awo poika timiyala kapena njere za chimanga pa vuto lililonse. Ntchito ya mlendo ndi kufunsa ndi kumvetsera, osati kulangiza.

Njirayi si yachilendo. Sukulu ya madokotala ya College of Medicine, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1991 ndipo tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, inkatumiza ophunzira ake kukakhala m'midzi ya m'boma la Mangochi pa ndondomeko ya Learning by Living. Ku India, bungwe la amayi la SEWA lakhala likulandira akuluakulu okonza mfundo m'makomo a mamembala ake. M'chaka cha 1999, dziko la Malawi linali m'gulu la maiko amene World Bank inachititsamo zokambirana ndi anthu osauka, zimene zinatuluka m'mabuku a Voices of the Poor.

Kwa ogwira ntchito m'makhonsolo, nkhaniyi ikukhudza lamulo la maboma aang'ono la 1998, limene linapereka mphamvu ku anthu. Mapulani a chitukuko amayenera kuyambira ku makomiti a VDC kwa magulupu, kupita ku ADC kwa mfumu yaikulu, mpaka kulowa m'pulani ya boma lonse. Mawu a mayi wamasiye kapena munthu wolumala akasowa pa VDC, sadzapezekanso m'bajeti ya khonsolo. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayamba ku Mchinji m'chaka cha 2006, imafunanso kudziwa bwino mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwirira ntchito, omwe kawirikawiri sabwera pa misonkhano.

Komabe njirayi ili ndi malire ake. Zimene munthu waona m'mudzi umodzi sizingalowe m'malo mwa ziwerengero za National Statistical Office, koma zimathandiza kumvetsa chimene chili kuseri kwa ziwerengerozo. Banja lolandira mlendo liyenera kuvomera mwa kufuna kwake, ndipo lisalowe m'ngongole pofuna kumuphera nkhuku. Mlendonso asalonjeze mjigo kapena mlatho umene ndalama zake palibe.

Chofunika kwambiri ndi kubwerera kukauza anthu zimene khonsolo yachita ndi maganizo awo. Kumene alendo amangofunsa n'kusowa, anthu amatopa ndipo amayamba kuyankha zongokondweretsa wofunsayo.