Mthunzi wa pa mapapo: zomwe kompyuta ikuona ndi zomwe ikuphonya

Ku Chinengundu ndi ku Pfupajena m'tauni ya Chegutu, ngakhalenso ku Rimuka ku Kadoma, munthu wamkulu akatsokomola mwezi wathunthu thupi n'kuyamba kutha, anthu sachedwa kutchula dzina la nthendayo: TB. Nthawi zambiri amakhala akulondola. Dera lino ndi la golide, ndipo anthu ake anayamba kalekale kupuma fumbi la miyala. Migodi ya Cam and Motor ku Eiffel Flats ndi Dalny ku Chakari inalera mabanja ambiri, ena mwa iwo ochokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete, amene anabwera ku Halale wapansi kapena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi. Zidzukulu zawo zilipo, gule wamkulu akuvinidwabe m'makomboni, ndipo anyamata ambiri lero, aja amatchedwa makorokoza, akulowa m'maenje okumba okha.

Koma si mthunzi uliwonse wooneka pa X-ray umene uli TB. Pali silicosis, nthenda ya fumbi la miyala imene imaumitsa mapapo ndipo ilibe mankhwala ochiza. Kafukufuku wa Dr Dingani Moyo ndi anzake, wofalitsidwa mu 2021, anayeza okumba golide oposa 500 m'zigawo za Midlands ndi Matabeleland South, n'kupeza kuti pafupifupi mmodzi mwa 9 aliwonse anali nayo. Pali zipsera za TB yakale. Ndiye pali khansa ya m'mapapo, imene imapha anthu ambiri padziko lonse kuposa khansa ina iliyonse: mu 2022 anthu pafupifupi 2.5 miliyoni anapezeka nayo, ndipo 1.8 miliyoni anafa nayo.

Gwero lake lalikulu ndi kusuta fodya, koma munthu wa mumgodi ali ndi mdani wachiwiri. Mu 1997 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika fumbi la silika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu. Mu Zimbabwe muno nkhaniyi si yachilendo. Dokotala H.S. Osburn analemba mu 1957 ndi mu 1969 za khansa ya m'mapapo pakati pa anthu a m'migodi ya ku Gwanda, ndipo chokayikiridwa chinali arsenic wopezeka m'miyala ya golide.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zizindikiro zake n'zimodzimodzi ndi za TB: chifuwa chosatha, magazi m'makhololo, kuonda, kubanika. Wodwala atha kumwa mankhwala a TB miyezi 6 yathunthu mokhulupirika, chotupa chikukula mwakachetechete.

Ngakhale khansayo itadziwika, funso silinathe, chifukwa khansa ya m'mapapo si imodzi. Pa odwala 100 aliwonse, pafupifupi 15 amakhala ndi mtundu wa maselo ang'onoang'ono, umene madokotala amautcha small cell. Umenewu umathamanga, umafalikira msanga, ndipo kawirikawiri saupanga opaleshoni. Amalimbana nawo ndi mankhwala a m'diripi ndi makina owotcha khansa. Otsalawo ali m'gulu la non-small cell, momwe muli mitundu iwiri ikuluikulu. Adenocarcinoma imakonda kumera cham'mphepete mwa mapapo ndipo ndi imene imagwira kwambiri anthu osasuta. Squamous imakonda pakati, pafupi ndi njira zikuluzikulu za mpweya, ndipo nthawi zina imafumbwa m'kati n'kusiya mphako yofanana kwambiri ndi ya TB.

Kusiyanaku si nkhani ya mayina chabe. Mankhwala a pemetrexed amathandiza pa adenocarcinoma koma sagwira bwino pa squamous. Mankhwala a bevacizumab atha kuyambitsa kutaya magazi koopsa m'mapapo mwa munthu wa squamous. Ndipo odwala ena a adenocarcinoma, amene chotupa chawo chili ndi kusintha kwa jini yotchedwa EGFR, amathandizidwa ndi mapiritsi monga gefitinib kapena osimertinib, omwera kunyumba. Kuphonya mtundu ndi kupatsa munthu mankhwala olakwika.

Njira yodalirika yodziwira mtunduwo ndi kutapa kanyama ka chotupacho, mwina polowetsa kapaipi ka kamera kudzera kukhosi, mwina pobaya singano pachifuwa, kenako katswiri n'kukaunika pa maikulosikopu. Ntchitoyi imafuna zida, akatswiri ndi ndalama, ndipo singano itha kuphwetsa phapo, makamaka phapo lofooka kale ndi fumbi. Kwa munthu wa ku Chegutu ndi ulendo wa makilomita oposa 100 kupita ku Harare, ndalama ya kombi ya anthu awiri, malo ogona, ndi kudikira zotsatira. N'chifukwa chake asayansi akufunsa ngati chithunzi chokha sichinganene zambiri kuposa zimene diso limaona.

Chithunzi chimene akunena si X-ray wamba koma sikani ya CT, imene imajambula chifuwa m'zigawo zopyapyala zambirimbiri. Masamu ake anawayamba Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, ali ku Cape Town, ndipo mu 1979 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Godfrey Hounsfield. Kwa dokotala, sikaniyo ndi chithunzi chakuda, chotuwa ndi choyera. Kwa kompyuta ndi manambala okhaokha. Kadontho kalikonse kali ndi nambala yake: mpweya ndi -1000, madzi ndi 0, fupa limakwera mazanamazana. Diso la munthu limasiyanitsa kutuwa kochepa chabe, pomwe kompyuta imawerenga nambala iliyonse, n'kuyeza ngati m'mphepete mwa chotupa muli mosalala kapena muli timinga, ngati m'kati mwake muli mofanana kapena mwamawangamawanga, ndiponso momwe kadontho kamodzi kakusiyanirana ndi koyandikana nako.

Ntchito yosandutsa chithunzi kukhala miyeso imatchedwa radiomics, dzina limene linatchuka mu 2012 kudzera mwa Philippe Lambin ndi anzake ku Maastricht. Mu 2014 Hugo Aerts ndi gulu lake anatenga miyeso 440 pa masikani a odwala 1,019 a khansa ya m'mapapo ndi ya kumutu ndi khosi, n'kusonyeza kuti ina mwa miyesoyo imagwirizana ndi kutalika kwa moyo wa wodwala. Njira yatsopano, ya deep learning, siuza n'komwe kompyuta choti iyeze. Imaphunzira monga amaphunzirira mwana wosankha fodya m'shedi: amuonetsa masamba ambirimbiri, ili ndi giredi yakuti, ili yakuti, akalakwa amubweza, mpaka dzanja lizolowera. Kompyuta nayo amaionetsa masikani a zotupa zomwe mtundu wake unatsimikizika kale pa maikulosikopu.

Zotsatira zake n'zolimbikitsa koma zofunika kuzimva bwino. Asayansi amagwiritsa ntchito muyeso womwe 0.5 ndi kungolota mwamwayi ndipo 1 ndi kusaphonya konse. Mu 2018 Nicolas Coudray ndi anzake ku New York University anaphunzitsa kompyuta kuwerenga zithunzi za tinyama totapa kale, ndipo inasiyanitsa adenocarcinoma, squamous ndi phapo labwinobwino pa 0.97, mofanana ndi akatswiri. Komatu apa kanyamako kanali katatapidwa kale. Pa sikani ya CT yokha zinthu zinavuta. Mu 2021 kafukufuku wotsogozedwa ndi Tafadzwa Chaunzwa, dzina losadabwitsa m'makutu a munthu wa ku Chegutu, anagwiritsa ntchito masikani a odwala 311 a pa Massachusetts General Hospital ku Boston. Kompyuta inasiyanitsa adenocarcinoma ndi squamous pa 0.71.

Nambala imeneyi ikunena zinthu ziwiri. Ikutsimikiza kuti m'chithunzi mulidi chizindikiro cha mtundu wa khansa, apo ayi ikanakhala pa 0.5. Koma palibe dokotala wosamala amene angasankhire munthu mankhwala pa 0.71. Zifukwa zake n'zomveka: sikani imaona tinthu ta pafupifupi theka la milimita, pomwe selo ndi laling'ono kwambiri kuposa pamenepo, zotupa zina n'zosakanikirana, ndipo makina a makampani osiyana amatulutsa manambala osiyana pang'ono pa chifuwa chimodzimodzi. Pakadali pano kompyuta ingathandize kuloza amene akufunika kutapidwa kanyama mwachangu ndi malo oyenera kubaya, osati kulowa m'malo mwa maikulosikopu.

Kumene kompyuta yafika kale pakati pathu ndi pa X-ray ya TB. Pulogalamu ya CAD4TB, yochokera ku Netherlands, inayesedwa ndi bungwe la ZAMBART pa chipatala cha Kanyama ku Lusaka, zotsatira n'kufalitsidwa mu 2014. Kagwiridwe kake n'kosavuta kuona: munthu aima pa makina, chifuwa atagunditsa, auzidwa kukoka mpweya n'kuugwira, ndipo pasanathe mphindi imodzi chithunzi chimatuluka pa sikirini, malo okayikitsa atapakidwa zofiira, pambali pali nambala ya pakati pa 0 ndi 100. Nambala ikakwera, wodwalayo amapereka makhololo kuti akayezedwe pa makina oyezera TB a GeneXpert. Ku Bangwe mu Blantyre, kafukufuku wa PROSPECT wotsogozedwa ndi Peter MacPherson anatsata akuluakulu 1,462 obwera ndi chifuwa. Amene anadzera njira ya kompyuta n'kupezeka ndi TB anayamba mankhwala patangopita tsiku limodzi, pomwe a njira yanthawi zonse anadikira masiku 11, potengera wodwala wapakati pa gulu lililonse. Mu 2021 WHO inavomereza mapulogalamu otere kwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Kampani ya Qure.ai ya ku Mumbai ili ndi pulogalamu imene, pa X-ray yomweyo, imalozanso timibulu tokayikitsa kuti tingakhale khansa.

Apa ndi pamene nkhani ya Kadoma ndi Chegutu ikupweteka. Mapulogalamu osiyanitsa mitundu ya khansa anaphunzira kwambiri pa mapapo a ku America, ku Ulaya ndi ku China, mapapo amene ambiri sanalowe m'dzenje lobowoledwa popanda madzi, sanadwale TB kawiri, ndipo sakulimbana ndi HIV. Phapo la mkorokoza lili ndi timibulu ta silika, zipsera ndi mphako, ndipo silicosis yokhwima imaunjikana n'kupanga chibulu chachikulu chooneka ngati khansa. Rodney Ehrlich wa ku University of Cape Town ndi anzake, poyesa mapulogalamu a X-ray pa anthu amene anagwirapo ntchito m'migodi ya golide ya ku South Africa, anapeza mu 2022 kuti makompyuta amaona bwino kuti phapo lili ndi vuto, koma amavutika kusiyanitsa silicosis ndi TB. Ngati akusokonezeka pa ziwirizi, si nzeru kuganiza kuti khansa yobisala pakati pawo aigwira mosavuta.

Choncho chofunika si kungogula mapulogalamu, koma kuwaphunzitsa ndi kuwayesa pa mapapo a kuno. Izi zikutanthauza kusunga masikani pamodzi ndi zotsatira za tinyama totapa, odwala atavomereza, ndi kulemba bwino mbiri ya aliyense: zaka zingati pansi, mgodi wanji, fodya wochuluka bwanji. Zimbabwe ili ndi poyambira, chifukwa kaundula wake wa khansa wakhala akugwira ntchito ku Harare kuyambira 1985. Ndipo kudziwa mtundu kulibe phindu ngati chithandizo palibe. M'zipatala za boma, makina owotcha khansa ali ku Parirenyatwa ku Harare ndi ku Mpilo ku Bulawayo basi, ndipo pakhala nyengo zitalizitali pamene sankagwira ntchito.

Pomwe zimenezi zikudikirika, pali zimene banja lingachite lero. Wodwala auze namwino poyera kuti anagwira ntchito mumgodi kapena pa chigayo cha miyala, ngakhale zitakhala zaka 20 zapitazo, ndipo asabise za fodya. Ngati makhololo sakuonetsa TB, kapena miyezi iwiri yatha akumwa mankhwala koma thupi likungotsikabe, abwerere kuchipatala akafunse ngati sipakufunika sikani ya CT ndi kutapa kanyama. Ma X-ray akale asatayidwe. Dokotala akaika chithunzi cha chaka chatha pambali pa cha lero, amaona ngati mthunziwo waima, monga chimachitira chipsera, kapena wakula.