Kukula kwa nyama si kupambana: zomwe ndaphunzira pa Pokémon GO

Tsiku lomwe mwana wa mchemwali wanga wa zaka 12 adandigonjetsa pa Pokémon GO, nsima sidatsike bwino. Ndidatha miyezi ingapo ndikuyenda ndi foni m'manja kusaka kansomba kotchedwa Magikarp. Kuti kasanduke chilombo chotchedwa Gyarados pamafunika Candy 400, pomwe kugwira kamodzi kumapereka atatu okha. Nditachipeza, ndidathirapo chuma changa chonse cha m'masewerowa. Koma mnyamatayo adachigwetsa ngati nthabwala ndi kanyama kake ka magetsi, Jolteon.

"Amalume, inu mumangoyang'ana nambala," adatero uku akuseka.

Amanena zoona. Masewerowa, omwe kampani ya Niantic idatulutsa mu July 2016, amapatsa nyama iliyonse nambala yotchedwa CP, yosonyeza mphamvu zake. Nambalayi imakwera ukawononga Candy ndi Stardust, zomwe umazipeza pogwira nyama kapena poswa mazira, amene amaswa ukayenda makilomita monga 2, 5 kapena 10. Ine ndinkaganiza kuti wa CP yaikulu ndiye mfumu.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti nyamazi zili m'mitundu 18, ndipo mtundu uliwonse uli ndi mdani wake. Madzi amazima moto, moto umatentha udzu, udzu umamwa madzi. Ukamenya mdani pofooka pake, nkhonya yako imachulukitsidwa ka 1.6. Gyarados ndi ya m'madzi komanso youluka, ndipo mitundu iwiri yonseyi imaopa magetsi, choncho nkhonya ya Jolteon inkachulukitsidwa ka 2.56. Ndidapita kunkhondo nditagonja kale.

Kumenyana kwa anthu awiri kudayamba mu December 2018. Aliyense amasankha nyama zitatu. Ukamagogoda pa foni, nyama yako imaponya tinkhonya ting'onoting'ono tomwe timasonkhanitsa mphamvu, ndipo mphamvuzo zikakwana umaponya nkhonya yaikulu. Aliyense ali ndi zishango ziwiri zokha zotchingira nkhonya zazikuluzi. Apa ndiye pagona nzeru. Mnyamata uja ankandinyengerera ndi nkhonya yotsika mtengo, ine n'kutaya chishango mwamantha. Yoopsa ikamabwera, ndinkapezeka ndili manja lende.

Palinso malire. Mu Great League nyama isapitirire CP 1,500, mu Ultra League 2,500, pomwe Master League ilibe malire. Ukaikweza nyama kudutsa malirewo, siibwereranso pansi. Ndidaononga motero nyama ziwiri zabwino chifukwa cha phuma, ndipo Stardust yomwe ndidataya sidabwerere.

Chodabwitsa china n'chakuti nyama ziwiri za mtundu umodzi sizifanana. Iliyonse imabadwa ndi manambala atatu, kuyambira 0 mpaka 15, a kumenya, kudziteteza ndi kupirira. Mu Great League, nthawi zambiri yabwino ndi yomwe ili ndi nambala yotsika ya kumenya, chifukwa kumenya ndi komwe kumakweza CP msanga. Yotereyi imatha kukula kwambiri isadafike pa 1,500, ndipo imakhalitsa pankhondo. Ndani akadaganiza kuti yooneka yofooka ndi imene ingakupulumutse?

Kwa anzanga omwe mwangoyamba kumene, musathamangire kukweza nyama iliyonse yomwe mwagwira, ndipo musafulumire kugula zinthu za m'masewerowa ndi ndalama yeniyeni. Ndalama ya bando ya intaneti ndi yokwana kale. Yambani mwaloweza mtundu womwe umagonjetsa unzake, pakuti nzeru imeneyi ndi yaulere.

Sabata yatha ndidamuitananso mnyamata uja. Ndidakonza Rhydon, nyama ya nthaka ndi mwala yomwe magetsi saigwedeza. Jolteon wake atangoiona, iye adamubweza n'kutulutsa Venusaur, ya udzu, yomwe imamenya Rhydon pofooka pawiri.

"Amalume, mwayamba kuganiza tsopano," adatero. "Koma nanenso ndimaganiza."

Tapangana kukumananso Loweruka.