Thambo la ku Manyamula: kuona nyenyezi, kuzijambula, ndi bodza la ndege za afiti

Munthu wofuna kuona nyenyezi ndi kuzijambula amasowa chinthu chimodzi choposa zonse, ndicho mdima. Zida zimabwera pambuyo. M'mizinda ikuluikulu ngati Johannesburg, kumene ana ambiri a ku Mzimba amakasaka ntchito, mdima woterowo kulibe chifukwa kuwala kwa magetsi kumayeretsa thambo, ndipo munthu akakweza maso amangoona nyenyezi zowerengeka. Ku Manyamula, chakumadzulo kwa boma la Mzimba, munthu akayenda pang'ono kuchoka pamsika n'kukaima pamunda usiku wopanda mwezi, maso ake okha amatha kuona nyenyezi zoposa 2,000. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'Malawi ndizo zinkaunikira magetsi a pa mawaya. Kusowa kwa magetsi ndi vuto lalikulu ndipo palibe angalikondwerere, komabe kwasiyira midzi ya kuno thambo limene anthu a maiko ena amalipira ndalama zambiri kuti akalione m'zipululu za ku Namibia ndi ku Chile.

Dera la Mzimba lili pamalo okwera, mamita oposa 1,200 kuchokera pamene pamalekezera nyanja zamchere, ndipo lili madigiri pafupifupi 12 kummwera kwa mzere wogawa dziko pakati. Zimenezi zimapangitsa kuti chigawo chowala kwambiri cha Mlalang'amba, chomwe ku Ulaya chimangosuzumira m'mphepete mwa thambo, kuno chizidutsa pafupi ndi paliwombo m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka kumayambiriro kwa Ogasiti, mvula itatha, mpweya uli wouma ndi wozizira. Pofika Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimachititsa thambo kuoneka lotuwa, ndipo nthawi ya dzinja mitambo imatseka zonse. Mwezi nawo umalamula: masiku abwino ndi amene mwezi uli kumdima.

Makolo sanadikire telesikopu kuti atchule nyenyezi maina. Kagulu ka nyenyezi zothithikana kamene azungu amati Pleiades, pa Chichewa ndi Nsangwe, ndipo m'zinenero za kwa Zulu, kumene Angoni anachokera, ndi isiLimela, dzina lochokera ku mawu akuti kulima. Kakayamba kutuluka kum'mawa dzuwa litangolowa, chakumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala, mlimi amadziwa kuti munda uyenera kukhala wokonzeka. Nyenyezi zitatu zondondozana za m'gulu la Orion ndi Akamwiniatsatana. Maina a Chichewawa, pamodzi ndi Mlalang'amba ndi Kumpotosimpita, alimo m'Buku Lopatulika, m'buku la Yobu, chifukwa omasulira anawapeza kale m'kamwa mwa anthu. Nthanda, yomwe imawala kum'mawa mbandakucha, si nyenyezi kwenikweni koma pulaneti Venus, ndipo ndi yomweyo imene miyezi ina imawala kumadzulo chisisira. Anyanja akale ankaziyesa ziwiri, akazi awiri a mwezi: Chekechani wa kum'mawa, womana mwamuna wake chakudya mpaka kuonda, ndi Puikani wa kumadzulo, womudyetsa mpaka kunenepa. Nthanoyo inalakwa powerenga, koma inachokera kwa anthu amene ankayang'anitsitsa, pakuti mwezi umaondadi ukamaoneka kum'mawa m'bandakucha, ndipo umakula ukayamba kuoneka kumadzulo madzulo.

Mbiri ya Mzimba yeniyeniyo inamangiriridwa kuthambo. Angoni a Zwangendaba ankakumbukira kuti tsiku limene ankaoloka Zambezi kunada masana. Popeza kadamsana amatheka kuwerengedwa ndi masamu, kutsogolo ngakhalenso kumbuyo, akatswiri anapeza kuti dzuwa linaphimbikadi m'derali mu Novembala 1835. N'chifukwa chake kuolokako ndi chimodzi mwa zochitika zochepa za nthawi imeneyo zomwe chaka ndi mwezi wake zimadziwika bwino, ngakhale panalibe wolemba.

Chida choyamba cha woona nyenyezi ndi diso, ndipo ambiri amalephera chifukwa salipatsa nthawi. Munthu akachoka powala n'kulowa mumdima, kamboni wa diso amakula m'masekondi ochepa, mpaka mamilimita pafupifupi 7 mwa achinyamata. Koma kusintha kwakukulu kumachitika kuseri kwa diso, pa kachikopa kolandira kuwala. Pamenepo pali timaselo ta mitundu iwiri. Tina timagwira ntchito masana ndipo ndi timene timasiyanitsa mitundu ya zinthu. Tinato, tomwe ndi tambiri zedi, timagwira ntchito mumdima, ndipo timadalira mankhwala otchedwa rhodopsin. Kuwala kowala kukagunda mankhwalawa amasweka nthawi yomweyo, ndipo thupi limafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti liwapangenso okwanira. Ndiye munthu amene wakhala theka la ola pamdima, Mlalang'amba wayamba kumuonekera bwino, akangoyatsa foni kuti aone uthenga, wagwetsa zonse ndipo ayambirenso kudikira. Kuwala kofiira kofooka sikuswa mankhwalawa kwenikweni, n'chifukwa chake odziwa amakulunga tochi ndi kapepala kapena kansalu kofiira. Timaselo ta mumdimati sitili pakatikati pa diso koma chapambali, motero chinthu chosaoneka bwino chimaoneka bwinopo munthu akachiyang'ana cham'mbali m'malo mochipenyetsetsa. Sitisiyanitsanso mitundu, ndipo ndicho chifukwa chake Mlalang'amba umaoneka wotuwa ndi maso pamene pachithunzi umatuluka ndi mitundu. Thupi limapanga rhodopsin kuchokera ku vitamini A, wopezeka m'mango, mapapaya, maungu, mbatata yofiira mkati, mazira ndi ndiwo zamasamba. Mwana amene amapunthwa kukangoyamba kuda, anzake akuthamanga bwinobwino, angakhale akuperewera vitamini ameneyu, ndipo ayenera kupita naye kuchipatala.

Kamera imaposa diso pa chinthu chimodzi: imatha kusonkhanitsa kuwala. Diso limataya chithunzi chilichonse m'kanthawi kosakwana sekondi n'kutenga china, koma kamera ikatsegulidwa masekondi 15 imakhala ngati ndowa yoikidwa pansi pa mpopi wodontha, kuwala kumangounjikana. Mafoni ambiri a masiku ano, kuphatikizapo amene abale amabwera nawo kuchokera ku Joni, ali ndi malo olembedwa Pro kapena Night pa kamera, pamene munthu amasankha yekha nthawi yotsegula, n'kukweza ISO kufika pa 1600 kapena 3200, ndi kuloza maso a kamera kutali kwenikweni. Chofunika ndi chakuti foni isagwedezeke. Choimikira cha miyendo itatu chimathandiza, koma njerwa, mtondo kapena thumba la chimanga zimagwiranso ntchito, bola munthu atchere kuti kamera ijambule yokha patapita masekondi angapo chala chitachoka.

Malire ake amaikidwa ndi dziko lenilenilo. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndipo kamera ikakhala yotsegula kupitirira masekondi 20 kapena 30, nyenyezi zimasiya kukhala timadontho n'kusanduka timizere. Ojambula ena amafuna timizere tomweto. Akaloza kamera kummwera n'kujambula zithunzi zambiri motsatizana kwa ola limodzi kapena awiri, kenako n'kuziphatikiza pa kompyuta, nyenyezi zimatuluka ngati mikombero yozungulira malo amodzi opanda kanthu. Ku Manyamula malo amenewo ali madigiri pafupifupi 12 pamwamba pa mphepete mwa dziko, kupitirira pang'ono kukula kwa chibakera cha dzanja lotambasula. Nambalayi si yangozi: ndi mtunda womwewo wa Mzimba kuchokera pa mzere wogawa dziko. Mwana wa sukulu wokhala ndi foni ndi njerwa angathe kuyeza yekha pamene mudzi wake uli pa dziko lapansi, n'kuonanso ndi maso ake kuti dziko limazungulira.

Zina zonse zimabwera mosavuta. Pulogalamu yaulere ya Stellarium imasonyeza dzina la chilichonse chili kuthambo pa ola limenelo. Magalasi wamba oonera patali, ogwiridwa mosagwedeza, amaonetsa miyezi inayi ya Jupiter imene Galileo anaiona mu 1610, ndiponso maenje a pa mwezi. Timitambo tiwiri tosasuntha ndi mphepo tomwe timaoneka kummwera chakumapeto kwa chaka ndi milalang'amba ina, ndipo kuwala kwa kakakuluko kwayenda zaka pafupifupi 160,000 kuti kufike m'diso la munthu.

Pali bodza limodzi limene likuononga zonsezi, ndipo liyenera kutchulidwa poyera. Kachinthu kowala kakayenda mwakachetechete kuthambo, m'midzi yambiri mawu oyamba kutuluka ndi akuti ndege ya afiti. Mizere ya nyali zotsatizana ikadutsa, mawa lake zithunzi zimadzaza WhatsApp ndi Facebook, ndipo sipachedwa kupezeka wina wotchula dzina la gogo amene akuti ndiye ankayendetsa. Zinthu zimenezi zili ndi eni ake, maina ake ndi nthawi yake. Mzere wa nyali ndi masetilaiti a Starlink, a kampani ya SpaceX, amene anayamba kuponyedwa m'magulu mu Meyi 2019, gulu loyamba lili ndi 60. Akangoponyedwa amayenda mondondozana kwa masiku angapo asanamwazikane, ndipo ndi omwewo amene akupereka intaneti m'Malawi kuyambira 2023. Nyali imodzi yowala kwambiri, yosaphethira, yodutsa thambo m'mphindi zochepa, kawirikawiri imakhala International Space Station, nyumba yofufuzira yaikulu ngati bwalo la mpira, yomwe ili makilomita pafupifupi 400 kumwamba ndipo imazungulira dziko m'mphindi 90, muli anthu.

Amene amakakamira za ufiti amakonda kunena kuti chinthucho chinazima chokha pakati pa thambo, ndipo amati umenewo ndiwo umboni. Kuzimako ndi umboni wa china. Setilaiti ilibe nyali yake imene munthu angaione pansi pano. Imangobweza kuwala kwa dzuwa. Dzuwa likalowa kwa anthu a pansi, kumwamba kwenikweniko limakhala likuwalabe, monga momwe nsonga ya phiri la Hora imakhalira ikuwala chigwa chitayamba kale kuda. N'chifukwa chake masetilaiti amaoneka ola limodzi kapena awiri kutangoda ndiponso kusanache, ndipo pakati pa usiku amasowa. Setilaiti ikalowa mumthunzi wa dziko imafooka n'kuzima, ngakhale ikupitiriza ulendo. Mphindi yeniyeni imene idzatulukire, mbali imene idzachokere ndi pamene idzazimire zimalembedwa pa intaneti masiku angapo zisanachitike. Mfiti imene ulendo wake umalengezedwa pasadakhale mpaka pa mphindi yake sinamvekepo.

Chimodzimodzinso nyenyezi yothothoka. Palibe nyenyezi imene imagwa, ndipo sikulosera maliro. Ndi kamwala, nthawi zambiri kochepa ngati mchenga, kolowa mumpweya pa liwiro la makilomita makumimakumi pa sekondi n'kupsa pa mtunda wa makilomita 80 mpaka 120. Chaka chilichonse cha pa 5 ndi 6 Meyi timiyala totere timachuluka m'bandakucha, chifukwa dziko limadutsa m'fumbi losiyidwa ndi nyenyezi ya mchira ya Halley, imene inaoneka mu 1986 ndipo idzabweranso mu 2061. Mwa apo ndi apo mwala waukulu umafika pansi: wina wolemera makilogalamu pafupifupi 93 unagwa ku Machinga mu Januwale 1981. Umbuli pa nkhanizi si wongoseka nawo, chifukwa okalamba amamenyedwa, kuthamangitsidwa ndi kuphedwa kumene m'dziko muno pa mphekesera zotere. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo wonenayo ndiye amapalamula.

Mphekesera zomwezo ndi zimene wojambula ayenera kuziopa kuposa njoka ndi chisanu cha mu Julayi. Mu 2017 anthu angapo anaphedwa m'maboma a kummwera monga Mulanje ndi Phalombe powaganizira kuti ndi anamapopa. Munthu woima pamunda pakati pa usiku ndi kachida kowala mofiira ayenera kukhala atadziwitsa anyakwawa ndi oyandikana nawo, ndipo ndi bwino kuwaitana kuti adzaone nawo. Jekete ndi nsapato zotseka zisaiwalike.

Kadamsana wa mwezi, ngati wa pa 27 Julayi 2018 pamene mwezi unafiira kwa ola limodzi ndi mphindi 43, alibe choopsa ndipo amaonedwa ndi maso okha, ngakhale mayi woyembekezera. Dzuwa ndi nkhani ina. Kuliyang'ana mwachindunji, ndi maso, ndi magalasi akuda a pamsika, kapena kudzera m'magalasi oonera patali, kumaotcha kachikopa ka kuseri kwa diso popanda ululu uliwonse, ndipo chilemacho chingakhale chosatha. Njira yabwino ndi kuboola kabowo pa katoni n'kuyang'ana chithunzi cha dzuwa pansi kapena pa pepala. Pa 21 Juni 2001 dzuwa linaphimbika lonse ku Lusaka, ndipo m'madera ambiri a Malawi linadyeka mbali yaikulu. Pa 25 Novembala 2030 m'mawa lidzaphimbika lonse m'madera ena a Namibia, Botswana ndi South Africa, ndipo ku Mzimba lidzaoneka lodyeka mbali imodzi.