Ola limene limakwana kawiri

Ku Britain, Lamlungu lomaliza la Okutobala, wotchi ikafika 2 koloko usiku imabwezedwa pa 1 koloko. Ndiye kuti 1:30 imakwana kawiri usiku umodzi. Wogona sazindikira kanthu, koma database ya sitolo yogulitsa pa intaneti imakhala ndi malisiti awiri a 1:30, osadziwika kuti anayamba kugula ndani. Mu Malichi zimatembenuka: 1 koloko imalumphira pa 2, ndipo ntchito imene kompyuta inauzidwa kuti igwire 1:30 ikhoza kutsala osagwiridwa.

Ife osamalira ma database timayamba taona mmene nthawi inalembedwera. Nthawi zambiri vuto limakhala pomwepo. Wina analemba "+01:00" m'malo mwa "Europe/London". Nambala yotere siyenda ndi nyengo, pamene dzina la mzinda limatenga malamulo onse a malowo, akale ndi atsopano. Kuno sizitivuta chifukwa "Africa/Blantyre" imakhala maola 2 patsogolo pa UTC (nthawi imene dziko lonse limayezerapo) chaka chonse, koma kusiyana kwathu ndi London kumakhala ola limodzi kapena awiri malinga ndi mwezi.

Malamulowo amasungidwa m'kaundula wa tz, amene amayang'aniridwa ndi bungwe la IANA. Amasinthanso, poti oika nthawi ndi andale. Pa 23 Malichi 2023 boma la Lebanon linalengeza kuti wotchi zisasunthidwe mpaka mu Epulo, kutangotsala masiku awiri kuti zisunthidwe. Tchalitchi cha Maronite ndi nyumba zina zoulutsa mawu zinakana, dziko n'kukhala ndi nthawi ziwiri, mpaka boma linabwerera m'mbuyo. Kaundula anatuluka kawiri pasanathe sabata, 2023b kenako 2023c.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti database ya MySQL imasunga kope lakelake la kaundulayu. Kompyuta ikalandira malamulo atsopano, kopelo limakhalabe lakale mpaka munthu atayendetsa mysql_tzinfo_to_sql n'kuyambitsanso seva.

Nanga zimene zinalembedwa kale molakwa? Apa m'pofunika kudekha. Kungowonjezera ola pa mizere yonse kumawononga ndi yabwinobwino yomwe. Choyamba ndi kusunga kope la zonse, kenako kupeza mzere umene vuto linayambira ndi umene linathera.

Zochitika kale zimasungidwa bwino mu UTC, monga imachitira database ya PostgreSQL ndi timestamptz. Zam'tsogolo n'zina. Wodwala wa ku Beirut, ku Lebanon, amene anauzidwa kuti akaonane ndi dokotala 9 koloko amayembekeza 9 koloko ya pa wotchi ya pakhoma, kaya nduna zanena zotani, choncho nthawi yakeyo timailemba monga inanenedwera, dzina la mzinda lili pambali.