Gasi pa geni: nthawi yoitana mmisiri ndi iti?

Zaka zingapo zapitazo silinda ya gasi inali katundu wa ku Area 10 ndi Area 43. Lero ili pansi pa chiwaya ku Kawale, kuseri kwa kalesitilanti ku Biwi, pakhomo pa mayi wokazinga mandasi ku Area 23 komanso m'nyumba za lendi za m'dera la Tsabango. Chomwe chaifikitsa kumeneko sichosowa. Makala ochokera ku Dzalanyama akhala akukwera mtengo, ndipo chikhwimitsireni lamulo la zankhalango mu 2020 owanyamula amayenda mtima uli m'mwamba. Magetsi nawo anaphunzitsa anthu phunziro lowawa mu Januwale 2022, pomwe namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130. Wa geni yophika amene sankafuna kutseka anayamba kuyang'ana ku gasi.

Vuto n'lakuti ambiri anaphunzira kuyatsa basi. Za kusamala zipangizo palibe anawauza, poti wogulitsa mbaula amangoti "ingolumikizani apa" n'kulandira ndalama yake.

Kuno ku Malawi kulibe mapaipi a gasi odutsa pansi pa nthaka n'kulowa m'nyumba ngati ku London. Paipi ya gasi ya munthu wa ku Tsabango ndi kamphira kotalika mita imodzi kapena awiri, kochoka pa regulator, chipangizo chomwe chimamangidwa pamutu pa silinda, n'kukathera ku mbaula. Malesitilanti okulirapo amakhala ndi mapaipi a kopa odutsa pakhoma kuchokera ku masilinda a makilogalamu 19 kapena 48 omwe amaikidwa panja. Kamphirako n'kotchipa kuposa chilichonse pa geni yonse, koma ndi komwe kanyamula mpamba, nyumba ya eni ake ndi moyo wa ana ogona chipinda chinacho.

Gasi wophikira ali ndi khalidwe lomwe wa geni aliyense ayenera kulidziwa. Ndi wolemera kuposa mpweya womwe anthu amapuma, choncho akatuluka sakwera kudenga ngati utsi. Amatsika n'kudikha pansi, kunsi kwa tebulo, m'ngalande kapena pangodya ya chipinda. Mu silinda amakhala ngati madzi, koma lita imodzi ikatuluka imafufuma kuwirikiza ka 250 kapena kuposa. M'kachipinda kopanda zenera kapena m'kontena yotsekedwa usiku wonse, kabowo kosaoneka ndi maso kamakwana kudzaza pansi ponse. Kukacha munthu amangokhwatcha machesi kapena kudina switchi ya getsi. Mwachibadwa gasiyu sanunkha. Fungo loipa lija amachita kumuthira dala kuti mphuno izichenjeza. Tsoka lake, pamalo okazinga tchipisi ndi nyama pamakhala fungo la mafuta ndi utsi, ndipo mphuno yomwe yakhalapo tsiku lonse imazolowera.

Pali ntchito yomwe mwini geni angagwire yekha popanda kulipira munthu. Nthawi iliyonse akasintha silinda, asungunule sopo m'madzi, apake thovu pomwe regulator yakumana ndi silinda, polumikizira paipi mbali zonse ziwiri komanso m'litali mwa paipiyo, kenako atsegule gasi mbaula ili yozimitsa. Thovu likayamba kutupa n'kumaphulika, pamenepo pakutuluka gasi. Kuyesa ndi machesi, monga amachitira anyamata ena odzimva ukatswiri, n'kuputa maliro. Kamphira kakang'ono kozungulira komwe kamakhala polumikizira regulator nako kamafuna kukayang'ana, chifukwa kakaphwanyika kapena kugwa, ngakhale munthu amange mwamphamvu bwanji gasi amapezabe njira.

Sopo amaulula bowo lomwe lilipo kale. Sanena za paipi yomwe itang'ambike mwezi wamawa, kapena za regulator yomwe yatopa mkati. Apa ndi pomwe pamafunika mmisiri.

Nthawi yoyamba ndi tsiku loika zipangizo, makamaka ngati mbaula zili zingapo pa silinda imodzi kapena paipi ikudutsa pakhoma. Zolakwika zambiri zimabadwa tsiku limeneli. Wina amagula paipi yothirira mbewu chifukwa ndiyotchipa, osadziwa kuti gasi amaidya mkati mpaka kuuma n'kusweka. Wina amamanga polumikizira ndi waya kapena malegeni m'malo mwa tizitsulo tomangira paipi. Ndiye pali nkhani ya regulator. Mbaula yazitsulo yokazingira tchipisi nthawi zambiri imafuna regulator yotulutsa gasi mwamphamvu, pomwe sitovu ya m'nyumba imafuna yotulutsa pang'onopang'ono. Wa chiwaya akaweruka n'kutenga regulator ya ku geni kukaphikira nsima pa sitovu ya kunyumba, lawi limalumpha, ndipo zolumikizira za sitovuyo zimalandira mphamvu yomwe sizinapangidwire.

Kusamuka nako ndi nthawi yoitana mmisiri. Ku Tsabango anthu amasamuka kumapeto kwa mwezi uliwonse, katundu ali pa ngolo kapena pa kalole, sitovu itapanikizidwa pakati pa bedi ndi matumba a chimanga. Timapaipi ta mkati mwa sitovu timakhotakhota pa ulendo wotere. Wolowa m'shopu momwe munali lesitilanti n'kupeza mapaipi a kopa ali kale pakhoma asawakhulupirire chifukwa choti akuoneka bwino. Sakudziwa kuti anaikidwa liti, ndi ndani, komanso chomwe chinasamutsa mnzakeyo.

Kenako pali zizindikiro zomwe sizifuna kudikira tsiku la malipiro. Lawi labwino la gasi ndi lobiriwira ngati thambo, lokhazikika. Likayamba kufiira kapena kuoneka lachikasu, n'kumadetsa mapoto ndi mwaye, ndiye kuti gasi sakupsa bwino. Pamenepo ndalama ikupita pachabe, komanso mbaula ikhoza kumatulutsa mpweya wa poizoni womwe suoneka, sununkha, wofanana ndi uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba mu Juni. Ogwira ntchito m'khitchini akamadandaula mutu ndi chizungulire madzulo aliwonse, mwini malo asathamangire kunena kuti ndi ulesi. Fungo lomwe silikuchoka ngakhale sopo sakuonetsa kanthu, kaphokoso kosisita pa regulator, kapena kabatani ka sitovu kolimba potembenuza, zonsezi ndi za mmisiri.

Chizindikiro china chili m'kope la geni. Wokazinga yemwe amalemba tsiku lomwe wadzazitsa silinda amadziwa kuti imamutengera masiku angati. Ikayamba kutha msanga chikhalirecho makasitomala sanachuluke, pali ziwiri: kapena akumubera pa sikelo, kapena gasi akuthawa penapake. Kusiyanitsa n'kosavuta. Pa silinda iliyonse amadindapo kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu. Ngati padindidwa makilogalamu 10 ndipo munthu walipira gasi wa makilogalamu 9, sikelo iyenera kuonetsa 19. Mtengo wa kilogalamu imodzi amalengeza ndi a bungwe la MERA, kotero wogula ali ndi poyambira kuwerengera. Sikelo ikakhala kuti ili bwino, vuto lili kunyumba.

Nanga ngati palibe chizindikiro chilichonse? Kwa wophika zogulitsa, kamodzi pachaka si zambiri. Paipi ya pakhomo imagwira ntchito maola awiri kapena atatu patsiku. Ya pa chiwaya imakhala pafupi ndi moto kuyambira m'mawa mpaka usiku, mafuta otentha akuidonthera, dzuwa la Okutobala likuiwamba, anthu akuiponda. Usiku makoswe amabwera kudzanyambita mafutawo n'kuluma mphira womwe. Opanga mapaipi ambiri amalangiza kusintha pasanathe zaka zisanu, ndipo ambiri amadinda chaka chomwe paipi inapangidwa, koma ya pa geni sikawirikawiri kufika zaka zimenezo ili yamoyo. Ikauma, ikachita ming'alu poipinda kapena ikafewa ngati yaphikidwa, yatha. Kumata ndi tepi n'kudzinamiza. Nthawi yabwino yoitana mmisiri ndi mvula isanayambe, chifukwa dzinja likafika ophika amalowetsa mbaula m'kati ndi kutseka zitseko, ndipo silinda yokhala pamatope imachita dzimbiri kunsi komwe maso safika.

Silinda yeniyeniyo ili ndi malamulo ake. Imayenera kuima chilili nthawi zonse, pophika ngakhale pa kabaza. Yobenduka, yadzimbiri lakuya kapena yomwe inapsapo ndi moto iyenera kubwezedwa ku kampani, osati kupita nayo kwa wowotcherera mageti. Ndipo pali chizolowezi cha pamsika chomwe sichiyenera kufika pa gasi: basela. Silinda imadzazidwa pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse kuti gasi akatenthedwa apeze pofufumira. Wodzaza yemwe akuti wawonjezerako pang'ono chifukwa ndi kasitomala wake wamuika mnzakeyo pamoto. Basela ndi wa tomato ndi usipa.

Zomwe zinachitika ku Embakasi mumzinda wa Nairobi usiku wa pa 1 Febuluwale 2024 zikuonetsa komwe kudzaza gasi mwachinyengo kumathera. Lole yonyamula gasi inaphulika pamalo odzazira masilinda omwe analibe chilolezo, pakati pa nyumba za anthu. Anthu anafa, oposa 200 anavulala, ndipo mashopu ndi nyumba za anthu omwe sankagulitsa n'komwe gasi zinapsa. Nyumba za ku Mgona, Chinsapo kapena mkati mwa Area 23 n'zothithikana chimodzimodzi, ndipo tinjira tina galimoto ya ozimitsa moto a khonsolo ya mzinda wa Lilongwe singalowemo.

Mmisiri woyenera ndi uti? Si aliyense wonyamula sipanala. Pulambala amadziwa madzi, wowotcherera amadziwa zitsulo, koma gasi ndi ntchito ina. Njira yodalirika ndi kufunsa komwe munthu amadzazitsa, ngati malowo ali ndi chiphaso cha MERA, kuti amulozere mmisiri wawo. Makampani ngati Afrox akhala pa ntchito ya gasi kwa zaka zambiri m'dziko muno. Mmisiri weniweni sangonunkhiza n'kunena kuti zili bwino. Amayesa polumikizira paliponse, amaona chaka cha paipi ndi regulator, amatsuka timabowo ta mbaula, amayang'ana ngati chipinda chili ndi polowera mpweya cham'munsi, ndipo amauza mwini wake mosabisa ngati silinda yayandikira moto kwambiri. Ogulitsa oyandikana pamsika akhoza kusonkherana n'kumuitana tsiku limodzi kuti ndalama ya ulendo wake igawike.

Eni nyumba za lendi nkhaniyi ikuwakhudza kuposa momwe amaganizira. Mlendi mmodzi akamakazinga mandasi ndi gasi pa mdadada wa zitseko zisanu, denga ndi limodzi. Kugwirizana kuti zipangizo zizionedwa kamodzi pachaka, ndi kuti ndani alipire, n'kosavuta pa tsiku lopereka makiyi kusiyana ndi pambuyo pake.

Fungo likamveka mwamphamvu, choyamba ndi kutseka pa silinda, kuzimitsa moto uliwonse wapafupi kuphatikizapo mbaula ya makala ya woyandikana naye, kutsegula zitseko ndi mazenera, ndi kutulutsa anthu. Switchi ya getsi isakhudzidwe, kaya kuyatsa kaya kuzimitsa, ndipo foni akaimbire panja. Ngati gasi akupitirira kutuluka ngakhale patsekedwa, silinda itulutsidwe pabwalo, kutali ndi ngalande ndi moto, iime chilili mpaka eni kampani atabwera kudzaitenga.